Sukulu imene inachita kudumpha malire

Mwezi wa July chaka chatha ndinapita kumudzi kukamangitsa chiliza cha agogo anga aakazi, Nangozo. Kwathu ndi cha ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndi malire a dziko zimayendera limodzi mtunda wautali. Amene munatsikapo pa Lizulu kugula kachewere kapena kabichi mukudziwa: kum'mawa kwa tala ndi Malawi, kumadzulo ndi Mozambique, ndipo mayi wogulitsa tomato akhoza kukasintha ndalama kudziko lina n'kubwerako basi isananyamuke. Tsiku lachiwiri mchenga unatithera, ngolo imene tinaituma kudambo inachedwa, amisiri n'kukhala pansi kumawothera dzuwa. Ine kuzizira kwa kwathu ndinakuiwala, Lilongwe anandilemaza, choncho ndinati ndiwongoleko miyendo. Miyendoyo inakandisiya kusukulu kumene ndinayambira Sitandade 1.

Ndinapeza buloko yakale ili pansi. Denga anali atasasula, zipupa ziwiri atagumula, ndipo ana a Sitandade 6 anali pamzere kututa njerwa kupita nazo kuseri kumene akumanga zimbudzi za atsikana. Njerwa zake si izi za masiku ano zoti ukaziponya pansi zimasanduka ufa. Ndi zikuluzikulu, zofiira psuu, zomangira dothi, ndipo zina zikuonekabe zala za amene anaziumba. Ndinatola imodzi. Ahedi, munthu wamng'ono kwa ine ndiponso wochokera boma lina, anatuluka mu ofesi atandiona ndikujambula ndi foni.

"Takulandirani bambo. Kapena ndinu a kumaofesi?"

Ndinati ayi, ndine mwana wa pompano, ndinaphunzirira m'chipinda chimene mwagwetsachi. Mtima wawo unakhala pansi. Anati chipupa chinali chitang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo a komiti anaona kuti mvula ikabwera chidzagwera ana. Sindinawatsutse, ndikanakhala hedi ndine ndikanagwetsanso. Koma nditawafunsa ngati akudziwa amene anayambitsa sukuluyi, anandilozera chikwangwani cha kumsewu, pamene pali dzina la sukulu, zilembo za CCAP ndi nambala ya bokosi la kupositi. "Ndi ya mishoni imeneyi, azungu a ku Mlanda," anatero. Mabuku akale olembamo zochitika pasukulu chiswe chinadya iwo asanabwere n'komwe.

Dzina la sukuluyi sinditchula. Ndi kasukulu ka kumudzi, ndipo tisukulu totere tili mbwee kuyambira ku Tsangano mpaka kuseri kwa Dedza. Yankho la Ahedi silinali bodza, koma linali nusu.

Azungu a ku Mlanda analipodi, ndipo mbiri yawo inalembedwa bwino. Oyamba kufika dera lino anali a ku Scotland, a mishoni ya Livingstonia, amene mu 1887 anatsegula siteshoni m'chigwa cha Livulezi, m'dziko la Chikuse, mfumu ya Angoni a kwa Maseko. Adatchi, a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, anayambira ku Mvera mu November 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo patapita zaka zochepa a Livingstonia anawasiyira Livulezi. Chigwacho n'chotentha, malungo ake si amasewera, choncho mu 1902 anakwera kumtunda n'kukhazikika pa Mlanda, malo ozizira, pamphuno penipeni pa malire. Mu 1903 anatsegula Mphunzi ku Dedza, nakonso kufupi ndi malire. Sanali okha. Akatolika anali atafika pa Nzama mu 1901 ndi pa Mua mu 1902, ndipo mipingo iwiriyi inkalimbirana midzi. Amene wayamba kuimika kasukulu m'mudzi, mudziwo ndi wake.

Malirewo nawonso anali achilendo masiku amenewo. Angerezi ndi Apwitikizi anachita kugwirizana papepala mu 1891, kutsata msana wa mapiri pamene madzi amagawikana, ena kutsikira kunyanja ndi ku Shire, ena kulowera ku Zambezi. Mzerewo unadula dziko la Angoni pakati, phiri la Domwe, kumene a Maseko anakhazikika pobwera kuchokera ku Songea, n'kutsalira kwa Apwitikizi. Mu 1896 asilikali a Angerezi anagwira Gomani, mwana wa Chikuse, n'kumupha. Tsono pamene Mlanda inkatsegulidwa panali patangopita zaka 6. Sukulu inafikira anthu oti angolandidwa nthungo, msonkho wa nyumba wayamba kuwatafuna, ndipo malume akukhala dziko lina, mphwawo dziko lina. Ine ndimaona kuti ichi n'chimodzi mwa zimene zinachititsa makolo ena kulola ana awo aamuna kukakhala pansi kwa mzungu. Njira yakale yoti mnyamata atchukire, ya chishango, inali itatsekeka.

Mmodzi mwa anyamata amenewo anali bambo awo a agogo anga, a Ngozo. Anaphunzira ku Mlanda, anakawonjezera zauphunzitsi ku Nkhoma, kenako anatumizidwa kutsidya. Ambiri sadziwa kuti Adatchi anagwirako ntchito ku Angonia. Mu 1909 anatsegula siteshoni ya Mphatso m'dziko la Apwitikizi, ndipo inabala tisukulu ta m'midzi tochuluka, aphunzitsi ake ambiri ochokera mbali ino. Mu 1922 boma la Chipwitikizi linatseka mamishoni onse a Adatchi m'dziko lawo. Azungu analongedza katundu n'kupita kumasiteshoni ena. Aphunzitsi akuda anatsala ndi funso loti alowere kuti.

Apa ndi pamene nkhani ya agogo inkayambira, ndipo ndinaimva maulendo osawerengeka, tikukazinga chimanga kukhitchini. Iwo anali asanabadwe, anachita kumva kwa amayi awo. Akuti asipayi, apolisi a Apwitikizi, atafika m'mudzimo n'kulengeza kuti wopezeka akuphunzitsa ana alawa mbalamatodya, kathabwa kabowolebowole kaja ankamenyera m'manja, a Ngozo anadikira kuti kude. Anasenza bolodi pamutu, mkazi wawo anabereka mwana n'kunyamula dengu la masileti, n'kuyenda usiku wonse kubwera kumudzi kwa mkaziyo, kumene ndi kwathu lero. Chiwerengero cha masileti chinkasinthasintha. Tsiku lina anali 12, tsiku lina 20, ndipo tsiku limene agogo akondwa anali odzaza madengu awiri. Chimene sichinkasintha ndi ichi: sabata isanathe a Ngozo anakoleka bolodi lija pamtengo wa kachere, ndipo m'mawa wina anangoona ana awo akale aja akutsika chitunda, mame ali thoo m'miyendo, atawalondola. Ana oyamba kulembedwa pasukulu yathu ambiri anali a kutsidya. A m'mudzi muno anayamba ndi kuonerera chapatali.

Nyakwawa inawapatsa malo chifukwa cha ukamwini, osati chifukwa chokonda sukulu. Mzungu wa ku Mlanda anabwera pambuyo pake kudzaona, kuvomereza, ndi kuilemba m'buku lake. Ndiye m'mabuku a mishoni sukuluyi inatsegulidwa ndi mishoni. Kukhitchini kwa agogo inabwera pamutu pa munthu usiku.

Si ana okha amene ankadumpha malire. Akhristu a ku Angonia atatsekeredwa matchalitchi anakhala zaka zambirimbiri akubwera ku Mlanda ndi ku Mphunzi kudzabatizitsa ana ndi kudzadya mgonero. Chaka chomwecho cha 1922 ndi chimene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'Chinyanja, ntchito imene anaitsogolera W.H. Murray. Buku linafika pamene khomo la kutsidya linkatsekedwa, ndipo ambiri mwa mabuku amenewo anawoloka atakulungidwa m'nsalu.

Tisanamizane za mtundu wa sukulu imene ikunenedwa pano. Inali nyumba ya mitengo yomata, yofolera udzu, mipando yake mizere ya dothi. Lamulungu inali tchalitchi, mkati mwa sabata sukulu, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye anali mlaliki, wophunzitsa a kalasi, woyambitsa nyimbo ndi woyendera odwala. Ana ankayamba ndi a, e, i, o, u, kulemba ndi chala pamchenga, kenako ba, be, bi, bo, bu, masamu owerengera timitengo, katekisma ndi nyimbo. Pabenchi limodzi la dothi pankakhala kamwana ka mamina ndi bambo wa ndevu, chifukwa wofuna ubatizo ankayenera kuyesetsa kudziwa kuwerenga. Fizi inali mazira, chimanga kapena nkhuni. Nthawi yolima ndi yokolola sukulu inkachepa yokha popanda wolengeza. Malipiro a mphunzitsi anali masheleni owerengeka, moti a Ngozo ankadya za kumunda kwawo ngati wina aliyense. Mwana amene waonetsa mutu ankatumizidwa ku siteshoni, ku Mlanda, ndipo oterowo pachaka sankakwana zala za dzanja limodzi.

A Ngozo sanali mngelo. Agogo ankanena monong'ona, ngati akulu a mpingo akumvetsera kuseri kwa nkhokwe, kuti chaka china bambo awo anaimitsidwa. Kunali maliro a malume awo kutsidya, kunavinidwa ngoma monga amachitira Angoni, chipanda cha masese chinazungulira, ndipo iwo sanachidumphitse. Nkhani inafika kubwalo la mpingo iwo asanafike kunyumba. M'madera a Achewa mkangano waukulu wa sukulu za mishoni unali ndi gule wamkulu, koma kwathu kuno unali mowa ndi mitala. Miyezi imene anali pachilango sukulu inagwiriziridwa ndi mnyamata wina amene iwo omwe anamuphunzitsa, ndipo akuti madzulo ankapita kwa a Ngozo kukafunsa za mawa lake. Ndimaikonda nkhani imeneyi kuposa ya masileti.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimalimbana nacho mumtima ndikaganiza za Adatchi. Anaika mtima pa chilankhulo chathu. Anamasulira, anasindikiza mabuku ku Nkhoma, anafuna kuti munthu wa kumudzi awerenge Mawu m'chinenero cha amayi ake, alime bwino, adziwe ukalipentala kapena kuumba njerwa, akhazikike pamudzi. Chichewa cholembedwa chimene ndikugwiritsa ntchito panochi chili ndi ngongole kwa iwo ndi kwa aphunzitsi akuda amene ankakhala nawo pathebulo kuwawongolera mawu. Koma Chingerezi ankachigawa ndi kasupuni. Pamene a Livingstonia ankatulutsa makalaliki, omasulira ndi othandiza madokotala amene anadzaza maofesi mpaka ku Rhodesia, ana a m'tisukulu tathuti ankatuluka odziwa Masalimo koma osatha kuyankha bwanamkubwa. Boma la atsamunda nalo silinkafulumira. Dipatimenti ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patatha zaka zoposa 50 mamishoni akusenza okha, ndipo sekondale ya boma ya ku Dedza inatsegulidwa mu 1951. Anthu a chigawo chapakati anachedwa kulowa m'maofesi, ndipo chiyambi cha kuchedwako china chili pomwepa. Wina akati amishoni ankatiteteza ku moyo wa m'tauni, ine ndimati anatisankhira okha, osatifunsa. Ana awo eniake sankalekezera sukulu pa katekisma.

Komabe anthu anachigwiritsa ntchito chimene anapatsidwacho mwa njira yawo. Amuna a kwathu, a mbali zonse ziwiri, anapita ku Halale kukagwira m'mafamu a fodya ndi m'makhitchini, ena ku Joni kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko. A kutsidya ambiri ankathawa chibalo cha Apwitikizi, n'kudzalembetsa ngati anthu a ku Nyasaland, kutchula mudzi wa achibale awo a mbali ino. Chimene chinkalumikiza amuna amenewa ndi kumudzi chinali kalata, ndipo kalata imafuna woilemba ndi woiwerenga. Agogo anga sukulu anailekeza atangotha msinkhu, monga zinkakhalira ndi atsikana ambiri, koma kuwerenga anakugwira. Khonde lawo linasanduka positi. Amayi ankabwera ndi envulopu atailowetsa m'chilundu, kukhala pamphasa, kuyamba ndi nkhani za nkhuku ndi mvula, kenako n'kuitulutsa. "Nangozo, tandionerani ichi." Agogo ankadziwa amene watumiziridwa mapaundi awiri, amene wauzidwa kuti agulitse ng'ombe, ndi amene mwamuna wake wakwatira Mzezuru ndipo sabweranso. Anandiuza atakalamba kuti makalata ena ankawawerenga modumpha. Mawu olasa ankawasiya, kuti mayiyo akafike kaye kunyumba. Ndinawafunsa ngati limenelo silinali bodza. Anandiyang'ana nati, "Iwe unayamba wamuonapo munthu akukomoka pakhonde pako?"

Buloko imene ndinaipeza ili pansiyi inamangidwa njala ya 1949 itangodutsa. A Ngozo anali atapuma, maso atayamba kuchita nkhungu. Mishoni inapereka mmisiri ndi mafelemu, zotsalazo unali mudzi. Amuna anaponda dothi ndi kuumba, amayi anatunga madzi kudambo, anyamata anadula mitengo yowotchera uvuni. Mudzi uliwonse wotumiza ana unapatsidwa chiwerengero chake cha njerwa, ndipo midzi iwiri ya kutsidya inaumba zake n'kubwera nazo pamutu. Agogo, amene panthawiyo anali mtsikana wongokwatiwa kumene, ankati khosi linawapweteka mwezi wathunthu. Poyamba anafolera udzu, malata anabwera ine ndisanabadwe koma amayi anga ali pasukulupo.

Zaka zotsatira ndingozidutsa mothamanga. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani, mwana wa Gomani anaphedwa uja, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma a zamalimidwe. Apolisi atabwera kudzamugwira anthu anamuzembetsera kutsidya, Apwitikizi anamubweza kwa Angerezi, ndipo anamwalira chaka chotsatira ali kutali ndi kwawo. Agogo ankangoti masiku amenewo belu silinalire. Mu 1962 Adatchi anapereka ntchito yonse m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma, imene inali italowa mu CCAP kuyambira 1926. Ufulu utabwera boma linatenga zolipira aphunzitsi ndi silabasi, mpingo n'kutsala mwini malo. Mpaka lero ndi mmene zilili: aphunzitsi ndi a boma, koma pa asembule pamayamba pemphero ndi nyimbo, ndipo mkulu wa mpingo sasowa mu komiti.

Ine ndinalowa Sitandade 1 mu 1987, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili pachimake. Kuyambira 1986 anthu anakhamukira mbali ino, ndipo dziko lonse linafika posunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ntcheu ndi Dedza anali mwa maboma amene analandira ambiri, ndipo kwathu ochuluka sanapite kumakampu. Anangomanga tizisakasa kuseri kwa nyumba za achibale. Magolosale a kumadzulo kwa msewu anasanduka mabwinja, opanda madenga, zipupa zili mabowo okhaokha. Usiku tinkamva mfuti kuseri kwa phiri, ndipo amayi ankazimitsa koloboyi ngati kuti zipolopolo zimatsata kuwala. Mawu oti Matsanga, dzina limene tinkatchulira a Renamo, ankatha kutontholetsa mwana wolira.

M'chipinda chija tinkakhala pansi, mothithikana, moti wofuna kutuluka ankachita kuponda anzake. Mwezi wa June simenti inkaluma matako, ndipo aliyense ankabwera ndi kachiguduli kokhalira ndi mbatata yowotcha m'thumba, yoyamba kufunditsa manja isanadyedwe. Pafupi nane pankakhala mnyamata wina wa ku Domwe amene tinkangomutcha Kamarada. Anali wa zaka 12 kapena kuposa, wamtali kuposa tonse, ndipo anali ataphunzirako kwawo sukulu yawo isanawotchedwe. Chichewa ankayankhula chathu chomwechi, koma akapatsidwa samu ankawerenga chamumtima m'Chipwitikizi, milomo ikugwedera, um, dois, três, kenako n'kutchula yankho lolondola ife tikadali kuwerenga zala. Tsiku lina thiraki inaphulitsa tayala kumsewu. Tisanadziwe chimene chachitika, Kamarada anali atagona chafufumimba, manja kumutu. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo woseka kwambiri ndinali ine.

Sindinalekere pomwepo. Ndinapeka kanyimbo konena za anthu odya ufa wachikasu wolandira, obwera kudzatidzadzira sukulu yathu, ndipo anzanga anakalandira. Madzulo ena ndinakaimba kunyumba ndikusenda chimanga, ndikudziona wanzeru. Agogo anasiya kupeta. Sanakweze mawu.

"Wati sukulu ya yani?"

"Yathu, agogo."

"Yanu ndi yani? Sukulu imene ija inachokera kwawoko. Anabwera nayo bambo anga pamutu, ndipo agogo ake a mwana ukumunyozayo ndi amene anayamba kukhala pansi pa kachere uja, a kwanu kuno akuopa kuti mzungu awadya. Njerwa za chipinda ukukhalacho zina anaumba ndi iwowo. Mawa ukamutenge adzadye kuno."

Nkhani ya masileti ndinali nditaimva kambirimbiri, koma ndinkaiyesa nthano ngati za Kalulu. Tsiku limenelo ndi pamene ndinailumikiza ndi anthu amoyo. Kamarada anabweradi, anadya nsima ya nyemba mwaulemu wonse, ndipo agogo atamufunsa mfunda wake ndi mudzi wa amayi ake anapeza chibale pasanathe mphindi zisanu, monga amachitira okalamba. Sindinganene kuti tinasanduka mabwenzi a ponda apa m'pondepo. Iye anali wamkulu, maganizo ake anali kwina. Koma masamu a Sitandade 3 ndinakhoza chifukwa cha iye.

Aphunzitsi a nthawi imeneyo ndimawapatsa ulemu pa chinthu chimodzi. Mwana akabwera sankamufunsa za dziko. M'kaundula ankalemba mudzi wa achibale amene akumusunga, basi. Zikwapu zinalipo, kuzula zitsa kunalipo, kubwezedwa chifukwa cha fizi ndi yunifolomu kunalipo, ndipo mphunzitsi wina anandikwapula pa mlandu wa mnzanga moti mpaka lero ndikakumbuka ndimaluma mano. Koma pa nkhani ya malire anatsata mwambo wa pasukulupo, kaya ankaudziwa chiyambi chake kaya ayi.

Mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira tizisakasa tija tinayamba kutha. Kamarada anapita osatsanzika. Ndinangopeza malo ake ali mbee Lolemba lina. Malowo sanakhalitse. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi kupulayimale, ndipo ana m'dziko muno analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anabwerera pansi pa mitengo, kuphatikizapo kachere yemwe uja, amene panthawiyo anali atakula moti makalasi awiri ankagawana mthunzi, wina kuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo. Kunabwera aphunzitsi ongochoka ku Fomu 4, ophunzitsidwa masabata owerengeka. Ena a iwo anadzakhala aphunzitsi abwino kwambiri. Ine ndinalemba Sitandade 8 kawiri ndisanasankhidwe, ndipo ulendo wachiwiriwo, tinene zoona, dzina linasinthako pang'ono, monga ankachitira ambiri.

Kachere uja kulibenso. Anagwa ndi mphepo zaka zapitazo, ndipo nkhuni zake zinaphikira phala la ana.

Zonsezi ndinawafotokozera Ahedi titakhala pa mulu wa njerwa, ana atabwerera m'kalasi. Anamvetsera bwino, ngakhale foni yawo inalira kawiri. Nditafika pa za ana a kutsidya anaseka. Anati mpaka pano alipo, ndipo si ochepa. Makolo amawatumiza kuno chifukwa ndi pafupi, chifukwa makalasi oyambirira amaphunzira m'Chichewa, ndiponso chifukwa ena bambo ndi wa uko mayi ndi wa kuno. Vuto limabwera polembetsa mayeso a Sitandade 8, pamene pamafunika kuti zonse zilongosoke, koma mafumu amadziwa mmene amathandizira ana a alongo awo. Anatinso anthu a mbali ino ambiri amalima kutsidya, kumene minda ikadalipo yotakasuka, moti nthawi yokolola kachewere kalasi imachepa mbali zonse ziwiri. Ndinawafunsa ngati mwana wina wa pasukulupo amadziwa dzina la a Ngozo. Anapukusa mutu, nati ngakhale a komiti sanawatchulirepo.

Sindikuwadandaula. Mbiri imene imaphunzitsidwa ndi imene inalembedwa, ndipo olemba anali a pa siteshoni. Timadziwa tsiku limene A.C. Murray anafika pa Mvera, timadziwa kuti abusa oyamba akuda a Nkhoma, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, anadzozedwa mu 1925, ndipo dzina la Katengeza lili pa malo ophunzitsira atsogoleri a mpingo ku Chongoni. Koma pansi pa mayina amenewa panali aphunzitsi a m'midzi mazanamazana, amene ankadzuka m'mawa kukaimba belu la khasu lakutha, ndipo mzungu ankawaona kawiri kapena katatu pachaka. Mayina awo ali m'mitu ya zidzukulu, ndipo zidzukuluzo ndi zimene tikuzimangira ziliza panozi. Nanenso agogo ali moyo sindinawajambulepo mawu ngakhale kamodzi, foni ndili nayo m'thumba. Ndinkati ndidzachita pa Khirisimasi.

Ahedi anandipempha kuti ndilembe zimene ndawauzazo pa mapepala awiri, kuti aziwerengera ana a Sitandade 8 ndi kusunga mu ofesi, m'kabati yachitsulo imene chiswe sichingaboole. Kenako, monga munthu wodziwa ntchito yake, anawonjezera kuti popeza ndine mwana wa pompano, zimbudzi zija zatsala matumba asanu a simenti kuti zithe. Ndinalonjeza atatu.

Pobwerera kumanda ndinapeza ngolo yafika, amisiri ayambiranso. Atsibweni anaona njerwa ili m'manja mwanga nandifunsa ngati ku Lilongwe njerwa zatha. Nditawauza kumene yachokera anailandira, anaitembenuza, anayesa chala chawo m'kadzenje ka chala cha woumba, n'kuipereka kwa mmisiri kuti ailowetse m'chiliza, chakumutu. Mmisiriyo anadandaula kuti ndi yaikulu, isokoneza mzere, koma anaigumula pakona n'kuikhazika.

Matumba awiri a simenti ndinatumiza mu September. Lachitatu ndikadali nalo ngongole, ndipo Ahedi anandikumbutsa pa WhatsApp sabata yatha, atayamba ndi kufunsa za mapepala awiri aja.